Nitrate yakwera m'madzi a pampopi: zochita kuti nsomba za m'thanki zisavutike kuno ku Joni

Abale anga amene mukuweta nsomba m'thanki kuno ku Joni, nkhani ya nitrate ikufooketsa anthu ambiri, makamaka ife okonda mbuna ndi ma peacock a kwathu ku Nyanja ya Malawi. Munthu umasintha madzi Loweruka lililonse osaphonya, fyuluta ikuyenda bwinobwino, koma ukayeza madzi mtundu ukungotuluka wofiira wosonyeza nitrate yambiri basi, ndere zikudzaza pagalasi sabata isanathe, nsomba zikuzilala mtundu, tiana tikutha pang'onopang'ono osadziwa chikutipha nchani. Ambiri amathamangira ku pet shop kukagula mabotolo a mankhwala pomwe vutolo likulowa ndi madzi omwewo amene akuthira m'thankimo. Ndiye tiyeni tiyende nayo nkhaniyi pang'onopang'ono, ndipo chonde musagule kanthu musanawerenge gawo loyambali.

Kaye timvetsetsane kuti nitrate imachokera kuti. Nsomba ikadya imatulutsa amoniya, ndowe zake ndi chakudya chotsala zikamawola zimatulutsanso amoniya, ndipo amoniya ndi poizoni weniweni. Mabakiteriya okhala mu siponji ya fyuluta ndi m'timiyala amaisintha kukhala nitrite, yomwenso ndi yoopsa, kenako gulu lina la mabakiteriya, makamaka a Nitrospira, limasintha nitrite ija kukhala nitrate. Apo ndi pomwe fyuluta wamba imathera ntchito. Nitrate siipha msanga ngati anzake awiri aja koma imangounjikana sabata ndi sabata, ndipo ikakhala pamwamba kwa miyezi nsomba zimasiya kukula bwino, zimadwaladwala, mazira saswa bwino. Nsomba za kwathu zinazolowera madzi oyera kwambiri, m'nyanja muja nitrate ndi yochepa zedi, nchifukwa chake ine ndimati kwa mbuna tiziyesetsa kukhala pansi pa 20 ppm (ndiko kuti 20 mg pa lita imodzi ya madzi), 40 ikhale malire osadumpha. Ma goldfish ndi ma guppy amapirirako kuposa apo koma kupirira si kukhala bwino ayi.

Choyamba, yezani madzi a pampopi, osati a m'thanki okha

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Tengani test kit ya madontho, osati timapepala toviika tija chifukwa timangopereka chithunzithunzi chabe. Imodzi mwa zopezeka m'mashopu a kuno ndi ya API, ndipo ili ndi khalidwe lake lomwe anthu ambiri salitsatira. Tsegulani mpopi madzi ayende kaye kwa mphindi ziwiri kapena zitatu kuti amene anagona m'paipi achoke, tsukani kachubu kagalasi ndi madzi omwewo, thirani mpaka pa mzere wa 5 ml. Dontheza madontho 10 a botolo loyamba, tsekani, tembenuzani kangapo. Tsopano botolo lachiwirilo ligwedezeni mwamphamvu kwa masekondi 30, mwamphamvu ndithu, mutha kulimenyetsanso pachikhatho, chifukwa mankhwala ake amakhazikika pansi ndipo mukapanda kutero lidzakuonetsani ziro pomwe madzi ali ndi nitrate yambiri. Madontho 10, tsekani ndi chotsekera osati chala, gwedezani kachubuko kwa mphindi imodzi yathunthu, kenako dikirani mphindi 5 pa wotchi ya foni. Werengani mtundu pa kuwala kwa dzuwa mutatsamiritsa kachubu pa mbali yoyera ya khadi, magetsi achikasu a m'nyumba amanamiza maso.

Pa khadi ya API mitundu ya 10 ndi 20 imafanana, ya 40 ndi 80 nayonso imafanana kwambiri moti anthu amakangana nayo. Njira yake njosavuta, sakanizani madzi anu theka ndi theka ndi madzi a distilled amene amagulitsa ku famase kapena a batire ya galimoto osasakaniza asidi, yezani, ndiye nambala imene yatuluka muichulukitse kawiri. Onaninso tsiku lothera ntchito pa botolo, kit yakale imanama.

Yezaninso nitrite ya pampopi pomwepo. Ma kit amenewa amagwira ntchito posintha nitrate kukhala nitrite kenako nkuipatsa mtundu, ndiye ngati m'madzimo muli kale nitrite ngakhale yochepa, nambala ya nitrate imatuluka yokwera kuposa zenizeni. Ndipo musayeze tsiku limodzi lokha nkugamula, yezani lero, yezaninso pakatha masiku angapo, m'mawa ndi madzulo ngati nkotheka.

Chachiwiri, dziwani kuti madzi a pampopi wanuwo akuchokera kuti

Madzi a mumzinda muno amabwera ndi Rand Water, omwe amawatunga kuchokera ku Vaal Dam, ena mwa iwo amatsika kuchokera ku mapiri a Lesotho kudzera ku Katse Dam, amawayeretsa ku Zuikerbosch ndi ku Vereeniging nkuwapopa kukwera mtunda kudzera m'malo ngati Eikenhof, Zwartkopjes, Palmiet ndi Mapleton, kenako Johannesburg Water ndi amene amawagawa m'nyumba zathu. Madzi amenewa kawirikawiri nitrate yake imakhala yotsika, kutali ndi malire a lamulo. Lamulo la madzi akumwa la dziko lino, SANS 241, limati nitrate isapitirire 11 mg pa lita, koma samalani apa, iwo amawerenga nayitrojeni yokha ya mu nitrate, pomwe kit yathu imawerenga nitrate yonse. Kuti zifanane muchulukitse ndi 4.4, ndiye 11 uja amakhala pafupifupi 50 ppm pa kit yanu, yomwenso ndi malire a WHO. Ndiye mukaona lipoti la labu likuti 9 musasangalale kuti ndi yochepa, pa kit yanu imeneyo ndi 40.

Tsono ngati mpopi wanu ukuonetsa 40, 60 kapena 80, funso loyamba ndi lakuti kodi madziwa ndi a masipala enieni? Chifukwa cha kuvuta kwa madzi zaka zapitazi, ngati muja madera ambiri anakhalira masiku osaona dontho mu Malichi 2024, ma landilodi ambiri ndi ma complex anakumba borehole nkuilumikiza ku mapaipi omwewo, ena anaika thanki ya pulasitiki ya JoJo imene imadzazidwa ndi galimoto, ndipo wa lendi sauzidwa nkomwe. Abale athu ambiri amene akugwira ntchito ya m'dimba ndi yosamalira pamalo ku maploti a Muldersdrift, Honeydew, Chartwell ndi mbali ya Midrand akumwa madzi a borehole tsiku lililonse. Madzi a pansi pa nthaka ndi amene amakonda kukhala ndi nitrate yambiri, imalowa kuchokera ku feteleza, makola a ziweto, septic tank yodontha ndi zimbudzi zokumba, ndipo madziwo amaoneka oyera mbee, alibe fungo, alibe kakomedwe kachilendo. Funsani a landilodi kapena abwana mwaulemu, yang'anani kuseri kwa nyumba ngati kuli pampu ndi thanki yaikulu. Nthawi zina mpopi wa panja ndi wa borehole pomwe wa kukhitchini ndi wa masipala, zikakhala choncho vuto lanu latha lero lomwe, mungosintha potunga.

Apa ndiime kaye ndinene chinthu choposa nsomba. Ngati madzi amene mukumwa akuonetsa kupitirira 50 ppm ndipo m'nyumbamo muli khanda losakwana miyezi 6, musapangire mkaka wa m'chitini ndi madzi amenewo. Nitrate yambiri imasokoneza magazi a khanda kunyamula mpweya wabwino, mwana amatha kuda milomo nkubanika. Kuwiritsa sikuthandiza, kumangoonjezera chifukwa madzi amachepa nitrate nkutsala. Gulani madzi a m'botolo a mwanayo, tengani madzi ena mupite nawo ku labu yovomerezeka ndi SANAS, bungwe lovomereza ma labu m'dziko lino, akayeze bwinobwino, ndipo ngati ndi a masipala kawauzeni a Johannesburg Water mutenge nambala ya ripoti lanu. Chonde izi musazengereze nazo.

Chachitatu, werengerani musanaononge ndalama

Kusintha madzi sikungatsitse nitrate ya m'thanki kupitirira pomwe pali madzi amene mukuthirawo. Zili ngati ndiwo zawawa mchere ndiye iwe nkumathiramo madzi a mchere kuti uchepe. Tiyeni tiike manambala. Thanki yanu ili pa 80, mpopi uli pa 40, mwasintha theka, mwafika pa 60. Pakutha pa sabata nsomba zaonjezera 20, mwabwerera pa 80. Mudzakhala mukuzungulira pakati pa 60 ndi 80 mpaka kalekale ngakhale mutanyamula ndowa mpaka msana kuwawa. Koma madzi othira akakhala pa 10 ndipo nsomba zikuonjezera 10 yokha pa sabata, thanki yomweyo pakapita masabata angapo imakhazikika pakati pa 20 ndi 30. Mwaona kuti manambala ofunika ndi awiri, ya pampopi ndi imene thanki ikupanga yokha.

Yachiwiriyo mumaidziwa poyeza patangotha ola mutasintha madzi, kenako nkuyezanso tsiku losinthanso lisanafike, kusiyana kwake ndiye zimene nsomba zanu zikupanga. Lembani mu kabuku.

Maganizo anga ndi awa. Mpopi ukakhala pansi pa 10 mulibe vuto la mpopi, vuto lili m'thanki. Pakati pa 10 ndi 20 zomera ndi ukhondo zikukwanirani. Kuyambira 20 mpaka 40 yambani kusakaniza ndi madzi ena. Kupitirira 40 madziwo asalowe m'thanki ya mbuna osakonzedwa kaye.

Chachinayi, chepetsani imene thanki ikupanga yokha

Iyi ndi yaulere ndiye musaidumphe. Perekani chakudya chimene zingathe m'mphindi imodzi, mbuna zimapempha nthawi zonse ngati sizinadye koma musazimvere, kudya kwambiri kuphatikiza madzi oipa ndi kumene kumabweretsa matenda otupa mimba aja amene amatha mbuna. Pokoka madzi gwiritsani paipi yokokera zinyalala za pansi, nyamulaninso miyala nthawi zina chifukwa ndowe zimabisala kunsi kwake. Siponji ya fyuluta muziifinya mu ndowa ya madzi ochokera m'thanki, osati pa mpopi, klorini imapha mabakiteriya anu. Ife a mbuna timadzaza nsomba dala kuti ndewu ichepe, ndi zoona zimathandiza, koma ngati mpopi wanu uli kale pamwamba muyenera kuvomereza kuti thanki yanu singanyamule nsomba zofanana ndi za mnzanu wa ku Rosettenville amene mpopi wake uli pa 5. Zina mugawireko anzanu.

Chachisanu, sakanizani ndi madzi a RO

Iyi ndiye njira yodalirika kuposa zonse ndipo ndikhalapo pang'ono. Makina a RO amakankha madzi kudutsa pa kansalu kopyapyala kwambiri kamene kamatsekereza mchere wambiri wosungunuka, nitrate yambiri imatsala kunja. Simukufunika kuthira RO yokhayokha, mumangosakaniza. Mpopi wa 40 mukasakaniza theka ndi theka mupeza pafupifupi 20, mukaika magawo atatu a RO ndi gawo limodzi la pampopi mupeza pafupifupi 10 kapena kupitirira pang'ono poti RO nayo simachotsa yonse. Mpopi wa 80 theka ndi theka ndi 40, ndiye pamenepo mukufunika RO yochulukirapo.

Madzi ake mungawapeze m'njira ziwiri. Mashopu odzazitsa madzi m'zigubu ngati Oasis ali m'ma mall ambiri ndipo ambiri amagwiritsa RO, ma pet shop ena amene amagulitsa nsomba za m'nyanja ya mchere nawonso amagulitsa madzi a RO pa lita. Funsani ngati amathiramo zina pambuyo pake, ndipo chigubu choyamba muchiyeze nokha ndi kit yanu. Kwa thanki ya malita 60 kapena 100 njira imeneyi ndi yabwino, chigubu chimodzi kapena ziwiri za malita 25 pa sabata basi. Koma thanki ya malita 300 kunyamula zigubu mu taxi sabata iliyonse simungakwanitse nthawi yaitali, bola kugula makina anuanu ang'ono olumikiza ku mpopi wa makina ochapira kapena wa panja, safuna kuboola khoma ndiye a landilodi sangadandaule. Dziwani zinthu zitatu musanagule. Amataya madzi, ang'onoang'onowa pa lita imodzi yabwino amataya malita atatu kapena anayi, ndiye paipi yotayira ilowe mu mgolo muzichapira, kukolopera ndi kuthirira m'dimba, kuno madzi ndi osowa komanso pa mita ya prepaid mudzawamva. Amafuna mphamvu ya madzi yokwanira, ngati muli pamwamba pa flat ku Yeoville kapena Berea komwe madzi amabwera mofooka mufunika kapampu koonjezera. Ndipo ma fyuluta a kaboni a kutsogolo muzisintha pa nthawi yake chifukwa klorini ikadutsa imaononga kansalu kaja. M'nyengo yozizira makinawa amatulutsa madzi mochedwa, si kuti aonongeka.

Tsopano mvetserani apa inu a mbuna. RO imachotsa nitrate komanso imachotsa calcium, magnesium ndi ma carbonate amene amagwira pH kuti isagwe. Nyanja yathu pH yake ili pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndiye mukathira RO yambiri osabwezeretsa kanthu pH imatha kugwa usiku umodzi nsomba nkuvutika kuposa mmene nitrate ikanazivutitsira. Mufunika kit ya KH (muyezo wa ma carbonate) ndi GH (muyezo wa calcium ndi magnesium). Zogula zilipo, Seachem ali ndi Malawi/Victoria Buffer ndi Cichlid Lake Salt, tsatirani muyezo wa pa botolo. Ngati thumba silikulola, soda yomwe ija timathira mu therere imakweza KH, kasupuni ka tiyi kamodzi pa malita 50 kamakweza pafupifupi madigiri 4, ndipo Epsom salt wa ku famase amakweza GH. Yambani ndi zochepa, sungunulani mu mgolo osati m'thanki, yezani, onjezerani mpaka madzi atsopano afanane ndi a m'thanki. Kathumba ka crushed coral mu fyuluta kamathandizanso kugwira pH pang'onopang'ono. Mukapeza muyezo wanu ulembeni pa mgolo ndi maka kuti sabata iliyonse muzichita chimodzimodzi, nsomba zimadana ndi kusinthasintha kuposa nambala yokwera pang'ono.

Amene muli pa borehole koma muli ndi mbale kapena mnzanu wa ku tchalitchi amene ali pa madzi a masipala otsika nitrate, kutunga kwa iye m'zigubu kumagwira ntchito yomweyo pamtengo wochepa, bola muzithira mankhwala ochotsa chloramine (klorini wosakaniza ndi amoniya wophera tizilombo m'madzi a masipala) ndipo mumuthandizeko pa bilu.

Chachisanu ndi chimodzi, resin yokoka nitrate

Pali timikanda tina ta resin timene timagwira nitrate nkutulutsa chloride m'malo mwake, API Nitra-Zorb ndi imodzi mwa zodziwika. Anthu amaika kathumbako mu fyuluta ya thanki, koma ngati vuto ndi mpopi ine ndimaona kuti bola kukonzeratu madzi mu mgolo. Dzazani mgolo Lachisanu madzulo, thirani mankhwala ochotsa chloramine, ikani kafyuluta kakang'ono ka mkati muli kathumba ka resin, kayende usiku wonse, m'mawa yezani. Resin ikakhuta imasiya kugwira, mumaiviika m'madzi a mchere wambiri wopanda ayodini monga alembera pa paketi, kuitsuka nkuigwiritsanso. Ubwino wake siitaya madzi ndipo siichotsa kulimba kwa madzi kumene mbuna zimafuna. Kuipa kwake imakhuta msanga madzi akakhala pa 60 kapena 80, ndiye kwa thanki yaikulu mumangokhalira kuviika mu mchere.

Chachisanu ndi chiwiri, zomera

Zomera zimadya nitrate ngati feteleza, ndipo zimene zimadya kwambiri ndi zimene masamba ake ali kunja kwa madzi chifukwa mpweya zikupeza wokwanira. Ya kwathu yeniyeni ndi mbatata. Tengani mbatata yosaola, itsukeni bwino, ipachikeni pakamwa pa thanki ndi timitengo kapena m'kabasiketi ka pulasitiki kuti kunsi kokha kukhudze madzi, pakapita masabata ochepa mizu yoyera imadzaza ndipo kholowa amayamba kuyanga pakhoma. Akatalika dulani mphukira muziviike zokha, mbatata yeniyeniyo muichotse isanayambe kufewa chifukwa ikaola m'madzi ibweretsa amoniya. Money plant ija imayanga m'maofesi, ena amati pothos, imachitanso bwino ngakhale pa kuwala kochepa, mizu m'madzi masamba kunja, koma samalani ndi ana ndi amphaka chifukwa masamba ake akatafunidwa amayabwa mkamwa. Lucky bamboo nayo imathandizako ngakhale imakula mochedwa. Mbuna zimabudula mizu, ndiye ikani zomerazo mu bokosi la fyuluta yopachika kumbuyo kapena mu sump (kathanki kosefera madzi ka pansi pa thanki), kapena tetezani mizu ndi kaneti.

Za mkati mwa madzi, vallisneria imamera ngakhale m'nyanja kwathu ndipo imakonda madzi olimba, mizu yake muitchinge ndi miyala kuti nsomba zisafukule. Hornwort imakula msanga ndipo imadya nitrate yambiri, imangoyandama. Anubias ndi Java fern mbuna sizizidya kwenikweni koma zimakula mochedwa moti pa nitrate sizithandiza zambiri, ndi zokongoletsa chabe. Ndipo kumbukirani kuti nitrate imachoka m'thanki pamene mukudulira ndi kutaya masamba, chomera chikafera momwemo zonse zimene chinadya zimabwerera m'madzi.

Chenjezo lalikulu apa. Namasupuni amene timamudziwa mu Shire amadya nitrate koopsa ndipo pa YouTube anthu a kunja amamuyamikira, koma kuno ndi woletsedwa ndi lamulo loteteza zachilengedwe la NEMBA, kumusunga, kumugulitsa kapena kumupatsa munthu ndi mlandu. Amene mwapitako ku Hartbeespoort Dam mwaona mmene wakutira damu lija. Water lettuce nayenso ndi woletsedwa, ndi amene anatseka mbali zina za mtsinje wa Vaal kumayambiriro kwa 2024, ndipo Kariba weed ndi Egeria densa nazonso ndi zoletsedwa. Munthu akakugulitsani pa Facebook kanani. Ndipo chomera chilichonse chimene mwadulira chiumitseni padzuwa nkuchitaya mu bini, osati mu ngalande kapena mu mtsinje wa Jukskei.

Njira ina yabwino kwa amene muli ndi kabwalo panja ndi kusunga madzi a sabata yamawa mu mgolo wodula pakati wodzaza hornwort ndi mphukira za mbatata, padzuwa, zomerazo zidyeretu nitrate madziwo asanalowe m'nyumba. M'chilimwe zimayenda, m'nyengo yozizira ya kuno zomera zimaima kukula ndiye musadalire. Vindikirani ndi neti chifukwa cha udzudzu ndi ana.

Madzi a mvula nawo alibe nitrate yambiri ndipo kuyambira Okutobala mpaka Malichi amagwa okwanira, koma mpweya wa Highveld uli ndi utsi wa malasha ndi fumbi la migodi, ndiye mvula yoyamba isiyeni itsuke denga, adutsitseni pa kaboni, ndipo muwabwezeretse mchere ngati a RO chifukwa ndi ofewa. Denga la dzimbiri kapena lopentedwa kumene ayi.

Zimene sizigwira ntchito

Kuwiritsa tanena kale. Kugoneka madzi mu ndowa usiku sikuchotsa nitrate, ndipo kuno sikuchotsanso mankhwala ophera tizilombo chifukwa Rand Water amagwiritsa chloramine, imene siuluka msanga ngati klorini wamba. Kaboni sachotsa nitrate, majagi osefera madzi akumwa ambiri sachotsanso. Seachem Prime ndi yofunika pa chloramine, 5 ml pa malita 200, koma mukathira nkuyeza mudzapeza nitrate ili pomwepo, siichoka m'madzi. Dziwaninso kuti chloramine ikaswedwa imasiya amoniya pang'ono imene fyuluta imaisintha kukhala nitrate, ndi yochepa koma ilipo. Purigen imagwira zinyalala zisanawole, imathandiza pa zimene thanki ikupanga koma pa ya pampopi ayi. Timiyala ta mabowo ngati Seachem de*nitrate timadalira mabakiteriya okhala kopanda mpweya amene amasintha nitrate kukhala gasi, timafuna madzi oyenda pang'onopang'ono, osapitirira malita 200 pa ola, ndipo zimatenga miyezi, ena zimawayendera ena ayi, ndiye muitenge ngati yoonjezera chabe.

Tsiku losintha madzi

Ngati thanki yakhala pa 80 kapena 100 kwa miyezi musaitsitse tsiku limodzi. M'thanki yotere KH imakhala itatha, pH itatsika, nsomba zinazolowera pang'onopang'ono, ndiye mukathira madzi atsopano ambiri nthawi imodzi kusiyanako kumatha kuzipha. Sinthani magawo 10 kapena 15 pa 100 alionse, masiku awiri kapena atatu alionse, kwa masabata awiri kapena atatu, mukuyeza pH ndi nitrate, kenako mubwerere ku kusintha kwa pa sabata kwa magawo 30 mpaka 50.

Konzeranitu madzi dzulo lake mu mgolo umene sunasungepo mafuta, penti kapena sopo. Sakanizani mpopi ndi RO pa muyezo wanu, thirani chochotsa chloramine, soda ndi Epsom ngati mukufunika, ikani kapampu ka mpweya kazisakaniza. Mu Juni ndi Julayi madzi a pampopi kuno amazizira kwambiri pomwe mbuna zimafuna madigiri 24 mpaka 27, ikani hita mu mgolomo usiku, musatunge otentha a mu giza chifukwa amatha kukhala ndi kopa wochokera ku mapaipi. M'mawa yezani nitrate, pH ndi kutentha kwa mu mgolo musanakoke madzi a m'thanki, ndipo onani kaye ngati magetsi alipo tsiku lonse, si bwino kusintha madzi fyuluta itazima. Zimitsani hita ya m'thanki madzi asanatsike kuti isasweke, kokani akale, thirani atsopano pang'onopang'ono. Akalewo thirirani mpiru ndi chinese wanu m'dimba, muli feteleza, kupatula ngati munathiramo mankhwala a matenda kapena mchere wambiri.

Madzi akasiya kwa masiku nkubweranso, oyambawo amakhala a matope ndipo mankhwala ake amatha kukhala osiyana ndi masiku onse, asiyeni ayende mpaka ayere, dikirani tsiku limodzi kapena awiri musanawagwiritse ku nsomba, ndipo yezaninso nitrate ndi nitrite. Nthawi ngati imeneyo ndi pomwenso ma complex amatembenuzira ku borehole osalengeza. A pa borehole muziyezanso mvula ikayamba ndi ikatha poti nambala imasuntha ndi nyengo, ndipo mukasamukira nyumba ina yezani mpopi wa kumeneko musananyamule thanki, kuti mudziwiretu zigubu zingati za RO zofunika tsiku losamukalo.